Gold Reef City, Alton Towers, Thorpe Park kapena Blackpool: wokonda roller coaster apite kuti?

Pali kaphokoso kena kamene ndikakamva mtima umayamba kugunda ngakhale ndikadali pansi: kwa-kwa-kwa-kwa, kasitima kakukwera phiri lachitsulo pang'onopang'ono, anthu onse amene amalongolola pa mzere atangoti zii. Phokosolo si la injini, chifukwa roller coaster ilibe injini. Ndi tizitsulo ta kunsi kwa ngolo timene timagwera m'mano a njanji, kuti unyolo wokokera utaduka sitimayo isabwerere chambuyo. Ikafika pansonga unyolo uja umaisiya, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kumapeto imathamanga ndi kulemera kwake kokha.

Ine ndinayamba kukonda zimenezi ndikukhala ku Joni, ndipo nditasamukira ku England chikondicho chinangokulirakulira. Mwezi wathawu alamu anga ananditumizira uthenga: "Alamu, ana atseka sukulu ndipo akundisowetsa mtendere. Ndalama ilipo ya ulendo umodzi basi. Tipite kuti?" Ndinawayankha ndi mafunso awiri: ana anuwo ndi aatali bwanji, nanga inuyo thupi lanu limapirira zotani? Ambiri amasankha paki ya ma roller coaster poyang'ana manambala, kuti yaitali kwambiri ili kuti, yothamanga kwambiri ili kuti. Manambala amanamiza. Roller coaster imene ndimaikonda kuposa zonse ku Britain siitalika n'komwe kuposa mitengo yoizungulira.

Thupi lanu limafuna chiyani

Mantha a pa roller coaster ali m'mitundu ingapo, ndipo munthu mmodzi sakonda yonse.

Pali kuyandama. Amene anakwerapo minibasi yothamanga n'kudutsa pa kamtunda dalaivala osachepetsa liwiro akudziwa mmene zimamvekera: matako amachoka pampando, m'mimba mumakhala ngati mwatsala m'mwamba. Ma roller coaster aatali okhala ndi mapiri otsatizana amapangidwira zimenezo. Pali kupanikizika, pamene kasitima kakukhota mwamphamvu pansi penipeni, thupi n'kulemera katatu kapena kanayi, masaya kukokekera pansi, nthawi zina maso kuchita chidima kwa kamphindi chifukwa magazi athawira ku miyendo. Pali kuponyedwa ngati mwala wa pa legeni, osakwera phiri ndi unyolo koma kuchoka pamalo amodzi n'kufika liwiro lalikulu musanaphethire kawiri. Ndiye pali kuzondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba, chimene anthu osakwerapo amachiopa kwambiri koma chimene nthawi zambiri chimadutsa musanachizindikire.

Kusiyana kwina ndi kwa chitsulo ndi matabwa. Yachitsulo imayenda mosalala. Yamatabwa imagwedezeka, imalira, imakugunditsani m'nthiti, ndipo mumamva ngati chinthu chamoyo. Ena amadana nayo kuyambira tsiku loyamba, ena akailawa safunanso china.

Za nseru ndinene izi: pa zaka zonsezi anthu amene ndawaona akusanza ambiri sanachoke pa masitima aakulu, anachoka pa timakina tozungulirazungulira pamalo amodzi, tooneka ngati ta ana. Ngati ndinu wa chizungulire, opani makapu ozungulira, osati phiri lalitali.

Gold Reef City, Johannesburg

Kwa abale athu amene ali ku Joni, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ratanga Junction ya ku Cape Town itatsekedwa mu 2018, Gold Reef City ndi imene inatsala ngati paki yeniyeni ya ma roller coaster aakulu ku South Africa. Ili ku Ormonde, kum'mwera kwa tauni, pamalo pamene panali mgodi wagolide wa Crown Mines, pa dzenje lotchedwa Shaft 14.

Nkhani ya mgodiyi kwa ife si yachilendo. Azigogo athu ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena osabwerako, ndipo ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene inapha anthu a ku Malawi 74 akuchokera kumigodi, ndi imene inachititsa Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu opita kumeneko. Choncho mukavala chisoti n'kutsika pansi pa nthaka pa ulendo woonetsa alendo mgodi, mukamva chinyezi ndi mdima wa mmenemo, zimakhudza mtima mwa njira ina. Ine nditatuluka ndinakhala kaye phee pa benchi. Palibe paki ina pa mndandandawu imene ingakupatseni zimenezo. Amaonetsanso mmene amasungunulira golide n'kumuthira mu chikombole, ndipo Apartheid Museum ili pafupi pomwepo, ngakhale ndingakulangizeni kuti mupite tsiku lina lapadera. Zinthu ziwirizi sizikwanira m'mutu tsiku limodzi.

Tsopano masitima. Anaconda, ya mu 1999, ndi ya mtundu wolendewera: njanji ili pamwamba pa mutu, miyendo ikulendewera m'malere popanda popondapo. Inapangidwa ndi kampani ya ku Switzerland ya Giovanola, ndipo ndi yokhayo ya mtundu umenewu imene kampaniyo inapanga. Imapanikiza thupi mwamphamvu, ndipo okonda ma roller coaster ochokera ku Ulaya ndi ku America amabwera dala kudzaikwera. Tower of Terror ndi yaifupi koma yoopsa: ngolo imodzi imakwezedwa pamwamba pa nsanja yachitsulo ya mgodi, imafika m'mphepete, kenako imagwa choongoka mamita pafupifupi 50 kulowa m'dzenje la pansi pa nthaka. Kugwako si kumene kumavuta, ndi pamene ikutembenuka pansi kuti itulukemo. Pamenepo mutu umalemera ngati mwasenza thumba la chimanga. Golden Loop ndi yakale, yopangidwa ndi katswiri wa ku Germany Anton Schwarzkopf, ndipo inayamba yagwira ntchito ku paki ya Carowinds ku America isanabwere ku Joni. Imakuponyani, mumazondoka kamodzi, mumakwera mpaka mphamvu itatha, kenako mumabwerera momwemo chafutambuyo. Jozi Express ndi yabwino kwa munthu amene akufuna liwiro koma sakufuna kuzondoka.

Kuipa kwake n'koti masitima aakulu ndi ochepa. Munthu wokonda zimenezi amawamaliza dzuwa lisanapendeke, ndipo pakhala zaka zambiri osabwera yatsopano yaikulu. M'nyengo yadzinja mvula ya mabingu ya ku Joni imakonda kubwera masana, ndipo ziphaliwali zikayamba makina aatali amaimitsidwa, choncho kwerani zikuluzikulu m'mawa. Tchuthi cha Disembala kumakhala anthu osaneneka. Kunja kwa tchuthi satsegula masiku onse a sabata, onani kaye pa intaneti musananyamuke.

Kwa munthu amene ali ku Lilongwe, Blantyre, Chipata kapena Tete ndipo akufuna kulawa roller coaster yeniyeni kwa nthawi yoyamba, iyi ndiyo yapafupi, ndipo si yonyozeka.

Alton Towers, Staffordshire

Iyi ili pakati pa England, kumudzi kwenikweni, pamalo a nyumba yakale yachifumu yokhala ndi minda yamaluwa ndi nkhalango. Akuluakulu a deralo salola kuti makina aonekere pamwamba pa mitengo. Lamulo limeneli likanapha paki ina, koma pano ndi limene linabala zinthu zabwino kwambiri, chifukwa poti sakanatha kukwera m'mwamba, anakumba pansi.

Nemesis, imene inatsegulidwa mu 1994, ndiyo ndimanena poyamba paja. Anaphulitsa thanthwe n'kupanga chidzenje, kenako kampani ya Bolliger & Mabillard inapinda njanji m'kati mwa dzenjelo motsatira maganizo a John Wardley, katswiri wokonza mapulani a ma roller coaster. Mumakhala molendewera ngati pa Anaconda, koma apa mapazi amadutsa pafupi kwambiri ndi miyala moti mumawapinda osafuna. Liwiro lake ndi makilomita pafupifupi 80 pa ola, locheperapo poyerekeza ndi zinzake, koma chifukwa chilichonse chili pafupi ndi nkhope, mumamva ngati mukuthamanga kawiri kuposa pamenepo. Siipumitsa munthu. Kuchokera potsika poyamba mpaka pa mabuleki palibe malo amene mungati apa ndikoke mpweya. Anaitseka kumapeto kwa 2022, anasintha njanji yambiri, n'kuitsegulanso mu 2024 ndi dzina loti Nemesis Reborn. Ndinali ndi nkhawa kuti aiwononga. Sanaiwononge. Khalani mzere wa kumbuyo kwenikweni ngati mukufuna mphamvu, wa kutsogolo ngati mukufuna kuona miyala ikubwera.

Oblivion ya mu 1998 ndi nkhani ya chinthu chimodzi chokha. Ngolo yotambalala imafika m'mphepete, imaweramira pansi, n'kuima. Kwa masekondi ochepa mumalendewera mukuyang'ana dzenje lakuda lofuka nthunzi, kenako amakusiyani, mamita pafupifupi 55. Ikatha mumadabwa kuti basi ndi zomwezi, koma kuima kuja simudzakuiwala. The Smiler ya mu 2013 imakuzondotsani ka 14, kuposa ina iliyonse pa dziko lapansi pamene inkatsegulidwa. Kunena zoona ine ikafika pakati ndimakhala nditasiya kuwerenga, ndipo imagwedeza mutu. Ndimaikwera kamodzi pa ulendo, osabwereza. Galactica imakugonekani chafufumimba ngati mbalame, ndipo ndi yofatsa kuposa mmene imaonekera. Wicker Man ya mu 2018 ndi yamatabwa, imadutsa m'kati mwa chifanizo chachikulu chotulutsa moto ndi utsi, ndipo imalola ana ofika mamita 1.2, choncho ndi yabwino kuyambirapo mwana amene wakula mtima. Kwa tiana tating'ono kuli CBeebies Land.

Mavuto ake ndi awiri. Loyamba ndi mayendedwe. Palibe siteshoni ya sitima pafupi. Mumatsikira ku Stoke-on-Trent kapena ku Uttoxeter n'kufunanso basi kapena takisi, ndipo mabasiwo si ochuluka. Popanda galimoto ulendowu umatopetsa musanalowe n'komwe pa geti. Lachiwiri ndi kukula kwa malo. Kuchoka pa sitima ina kupita pa ina ndi mtunda, kutsika chigwa n'kukweranso. Ngati mwatenga agogo kapena muli ndi mwana wa kumsana, dziwiranitu. Koma kukulako kuli ndi ubwino wake: amene sakufuna kukwera kanthu akhoza kukhala m'minda ija tsiku lonse, pamthunzi, osamva kuti ataya ndalama pachabe.

Thorpe Park, Surrey

Thorpe Park ndi ya achinyamata. Ili ku Chertsey, kufupi ndi London, pa chilumba cha pakati pa nyanja zokumba. Mukakwera sitima ku London Waterloo mumafika ku Staines ola lisanakwane, ndipo kuchokera pamenepo pali basi yopita pa geti. Malo ndi aang'ono, zonse zili pafupipafupi, konkire ndi nyimbo zaphokoso paliponse.

Pano ndi pamene pali manambala. Hyperia, imene inatsegulidwa mu Meyi 2024, ndi yaitali mamita 72, yoposa zonse ku Britain, ndipo imathamanga makilomita pafupifupi 130 pa ola. Chimene chimaisiyanitsa n'choti palibe chomangira cha m'mapewa, ndi chitsulo cha pantchafu chokha, moti pamene ikupendekera kunja pamwamba penipeni thupi lonse limachoka pampando, mikono ili m'malere. Kuyandama kwa mtundu umenewu ku Britain kunalibe. Dandaulo la anthu ambiri, ndi langanso, n'loti imatha msanga. Mtima ukangoyamba kukoma mwafika kale pa mabuleki. Stealth ya mu 2006 ndiyo legeni ija: kuchoka pa kuima mpaka makilomita pafupifupi 129 pa ola m'masekondi osakwana awiri, kukwera choongoka mamita 62, kutsika, basi. Musanaponyedwe tsamiritsani mutu kumbuyo. Pa The Swarm mipando ili m'mbali mwa njanji ngati mapiko, pansi palibe kanthu pamwamba palibe kanthu. Colossus ya mu 2002 imazondotsa ka 10, koma yakalamba ndipo imamenyetsa makutu ku zomangira. Okonda mbiri aikwere, ena akhoza kuidumpha.

Ngati ana anu ali ndi zaka 14, 16, ndipo mumakhala kum'mwera kwa England popanda galimoto, musavutike, pitani kuno. Ngati muli ndi ana aang'ono musapite, za msinkhu wawo ndi zochepa. Chessington World of Adventures kapena Legoland Windsor, zonse zapafupi ndi London, zingawakomere kuposa.

Blackpool Pleasure Beach

Apa ndilankhula ndi mtima, chifukwa pa mapaki onse a ku Britain iyi ndi imene ndimabwererako kawirikawiri.

Inayamba mu 1896, m'mphepete mwa nyanja kumpoto chakumadzulo kwa England, ndipo mpaka lero ili m'manja mwa banja limodzi, a Thompson. Malo ndi opanikizika, choncho pa zaka zoposa 100 akhala akumanga china pamwamba pa chinzake. Njanji ina imadutsa pansi pa ina, yachitatu n'kudumpha zonse ziwiri. Mukaima pakati, kulikonse kumene mungayang'ane kukudutsa anthu akukuwa, mphepo ya mchere ikuwomba, fungo la tchipisi ndi nsomba lili ponseponse.

The Big One inatsegulidwa mu 1994 ndipo nthawi imeneyo inali yaitali kuposa zonse pa dziko lapansi, mamita 65. Kukwera kwake kumatenga nthawi, ndipo mukayandikira pansonga mumaona nyanja yonse, mchenga, nsanja ya Blackpool Tower chapatali, magalimoto ali ngati nyerere. Kenako imapendekera kumanja n'kugwa ngati ikukagwera m'madzi. Kutsika koyambako n'kosaiwalika. Zotsatira zake ndi mapiri aatali oyenda mwaulemu, ndipo pokhota imagunda. Dziwaninso kuti mphepo ikakula amaitseka, ndipo ku Blackpool mphepo si mlendo. Mukaipeza ikuyenda m'mawa, kwerani nthawi yomweyo, musati ndibwera masana.

Koma chuma chenicheni cha pano ndi matabwa. Big Dipper ndi ya mu 1923. Taganizani, agogo a agogo a ana amene ali pa mzere lero anakhalapo pa njanji yomweyo. Grand National ya mu 1935 ndi mpikisano: masitima awiri amanyamuka limodzi, mbali ndi mbali, okwera akuloza anzawo a sitima inayo, kuwakuwiza, kuwatsanzika akawapitirira. Ndinakwerapo ndi mwana wa achemwali anga, iye sitima ina ine ina. Pokhota paliponse ndinkamuona akutembenuka kundifunafuna, pakamwa pali yasa, tsitsi lili m'mwamba, ndipo sitima yawo itatipitirira chakumapeto anaimika manja onse awiri ngati wagoletsa chigoli. Chodabwitsa china n'choti njanji imene imaoneka ngati ziwiri ndi imodzi yopindidwa mwaluso, moti mukanyamukira mbali ina ya siteshoni mumabwerera mbali inayo. Mwanayo anakana kukhulupirira mpaka tinakweranso kuti aone yekha. Masitima amenewa amagwedeza zedi, wa msana wovuta asayerekeze. Chimene chimawagwira kuti asauluke pa njanji ndi timawilo ta kunsi kwa njanjiyo, nzeru imene John Miller wa ku America anailembetsa mu 1919 ndipo ma roller coaster a masiku ano akuigwiritsabe ntchito.

Palinso Steeplechase ya mu 1977, pamene mumakwera pa hatchi yachitsulo n'kupikisana ndi anzanu, Icon ya mu 2018 yosalala ndi yoponya kawiri imene imalukanalukana ndi njanji zakale zija, ndi Valhalla, bwato lodutsa mu mdima, moto ndi madzi, limene limanyowetsa mpaka zovala zam'kati. Valhalla muikwere pomaliza, kapena tengani zosinthira.

Blackpool si yaukhondo ngati Alton Towers, penti wina anasuluka ndi mchere, ndipo tauniyo ili ndi mbali zina zotopa. Koma ili ndi siteshoni yakeyake ya sitima pafupi ndi geti, malo ogona otsika mtengo ndi ambiri, ndipo amene satha kukwera makina ali ndi nyanja, mchenga ndi ma tram, timasitima toyenda m'mbali mwa msewu. Mukapita kuyambira mu Seputembala mumapezanso magetsi okongoletsa msewu wonse wa m'mphepete mwa nyanja. Kwa mabanja a ku Manchester, Leeds, Liverpool ngakhale ku Scotland, ulendo wa gulu la tchalitchi kapena la kumudzi umayenda bwino kuno kuposa kwina kulikonse, chifukwa aliyense amapeza chake.

Nanga kuwoloka nyanja?

Amene zamulowa m'magazi sachedwa kuyamba kuyang'ana kutali. Europa-Park ku Rust, ku Germany, inatsegulidwa mu 1975 ndipo eni ake ndi banja la Mack, lomwe limapanganso ma roller coaster. Hyperia ndi Icon zonse zinachokera ku fakitale yawo. Kuli Silver Star ya mamita 73, Blue Fire, Wodan yamatabwa, ndi Voltron Nevera ya mu 2024, ndipo mizere imayenda mwachangu chifukwa antchito amatulutsa masitima motsatizana osataya nthawi. Tsiku limodzi silikwana. Ku Spain, pafupi ndi PortAventura, kuli Red Force ya mamita 112. Ku Abu Dhabi kuli Formula Rossa, ya makilomita 240 pa ola, imene amakuvekani magalasi oteteza maso. Ku America dzina lalikulu ndi Cedar Point ku Ohio, kwawo kwa Millennium Force ya mamita 94. Koma kwa wa pasipoti ya Malawi, Germany ndi Spain zimafuna viza ya Schengen, kuwonjezera pa ndege ndi hotelo. Ulendo wotere ndi wosungira ndalama chaka chathunthu, si wa tchuthi cha ana chimene chayamba kale.

Ndalama, mizere ndi tepi yoyezera

Musagule tikiti pa geti. M'mapaki a ku Britain mtengo wa pa intaneti, mukagula masiku angapo zisanachitike, umatsika kwambiri poyerekeza ndi wa pa geti. Alton Towers, Thorpe Park, Chessington ndi Legoland Windsor zonse ndi za kampani imodzi, Merlin Entertainments, ndipo ili ndi tikiti ya chaka chonse yolowera konseko. Imapindulitsa ngati mupita kangapo, koma yotsika mtengo imakhala ndi masiku oletsedwa, makamaka a tchuthi, omwe ndi amene banja limawafuna. Blackpool siili m'gulu limeneli. Werengeraninso ndalama yoimikira galimoto ndi chakudya, chifukwa zakudya zam'kati ndi zodula. Ife timanyamula mpunga, nkhuku yokazinga ndi mandasi, koma funsani kaye ngati paki imene mukupitayo imalola chakudya chakunja, chifukwa malamulo amasiyana.

Mdani wamkulu ndi mzere. Loweruka la mu Ogasiti mukhoza kuima ola ndi theka kudikira chinthu cha mphindi ziwiri, tsiku lonse n'kukwera zinayi zokha. Lachitatu la mu Juni kapena Seputembala, sukulu zili m'kati, mumakwera khumi. Fikani geti lisanatsegulidwe, ndipo yambani ndi za kumapeto kwa paki pamene anthu akuunjikana pa zoyandikira khomo. Pali matikiti odumphira mzere, ku mapaki a Merlin amati Fastrack, koma kwa banja la anthu asanu mtengo wake ukhoza kuposa wolowera. Kamvula kowaza ndi bwenzi lanu: anthu amathawa, masitima ambiri amayendabe. Kumbukiraninso kuti mapaki aakulu a ku Britain amatsegula kuyambira mu Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala. M'nyengo yozizira masitima aakulu amakhala akukonzedwa.

Ndipo chonde, yezani ana kunyumba musanagule kanthu. Masitima aakulu ambiri, monga Nemesis, Oblivion, The Smiler ndi Stealth, amafuna mamita 1.4. Ndinaona ndi maso anga pa paki ina mnyamata wa m'gulu lathu, amene analankhula za sitima imodzi njira yonse m'basi, ataimikidwa pa ndodo yoyezera. Anawongoka mmene akanathera, khosi analitambasula, chibwano m'mwamba, koma panatsala kampata kolowa zala ziwiri. Mayi ake anachonderera, "Achimwene, tachokera kutali, tamuloleni," koma wantchitoyo anapukusa mutu mwaulemu. Mwana analira mwakachetechete, misozi ili chuchuchu, atagwira mpanda n'kumaonerera anzake. Wantchito uja sanalakwe: chomangira chinapangidwira thupi la msinkhu umenewo, ndipo mwana wochepa akhoza kupulumukamo n'kugwa. Tepi ya telala ikanatipulumutsa ku zonsezi.

Funso la ngozi limabwera nthawi zonse, makamaka kwa amayi athu. Njanji ya roller coaster imagawidwa m'zigawo, ndipo kompyuta siilola sitima kulowa chigawo chimene muli inzake. N'chifukwa chake nthawi zina sitima imaima pakati pa phiri, anthu n'kumajambula poganiza kuti yawonongeka, pamene kwenikweni chitetezo chikugwira ntchito yake. Ngozi ya The Smiler ya pa 2 Juni 2015 inachitika pamene kompyuta inaimitsa sitima moyenera chifukwa kutsogolo kunali ngolo yopanda anthu itaima, koma anthu anailamula kuti ipitirire. Atsikana awiri anadulidwa mwendo aliyense, ndipo mu 2016 khoti linalipiritsa Merlin mapaundi 5 miliyoni. Ndimaitchula chifukwa inachitikadi ndipo sindifuna kubisa. Ngozi zotere ndi zosowa kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni a anthu amene amakwera chaka ndi chaka. Mbali yanu ndi iyi: wa BP yokwera, wa vuto la mtima, la msana kapena la khosi, ndi mayi woyembekezera, asakwere, ngakhale anzake amukakamize bwanji. Foni ikhale m'thumba la zipi kapena mu loka, chifukwa foni yopulumuka pa liwiro limenelo imasanduka mwala kwa amene ali kumbuyo. Wigi ndi mpango wa kumutu zimangidwe bwino kapena zivulidwe.

Chimene ndinawauza alamu anga

Mutandifunsa paki imene ili ndi masitima abwino kwambiri mwa zinayizi, ndinena Alton Towers, chifukwa cha Nemesis ndi kusiyanasiyana kwa zinzake, bola mukhale ndi galimoto ndi miyendo yolimba. Wofuna kuyandama ndi kuponyedwa, amene ali ndi tsiku limodzi ku London, apite ku Thorpe Park ndipo athamangire Hyperia geti likangotsegulidwa. Wa ku Joni asadikire za ku Ulaya, Anaconda ikhoza kuima pa mzere umodzi ndi zabwino za kumeneko popanda manyazi.

Alamu anga amakhala ku Manchester, alibe galimoto, ana awo ndi atatu: wamkulu wa zaka 15, wapakati amene atamuyeza anapezeka ndi mamita 1.34, ndi kamtsikana ka zaka 5. Apongozi awonso anabwera kudzacheza kuchokera ku Zomba. Ku Alton Towers wapakatiyo akanabwezedwa pa masitima aakulu ambiri, ku Thorpe Park kamtsikana kakanangoyenda kumbuyo kwa anthu tsiku lonse. Ndinawauza kuti akwere sitima ya ku Blackpool, apite pakati pa sabata, ayang'ane kaye za mphepo, ndipo anyamata awiriwo akawakweze Grand National wina sitima iyi wina inayo, agogo akuonerera ali pansi ndi kamtsikana.